Chitsulo cha pa Mkuyu

Galimoto ya chipatala chathu inali ndi nthenda imodzi, kupendama. Inali ya mtundu wokwera mapiri, yokoka ndi matayala onse anayi, koma amishoni anaimangira denga lalitali kuti wodwala azigona bwino, ndipo pamwamba pa dengalo anaikaponso kaliyala. Pokhota paliponse thupi lake linkatsamira kumbali ngati munthu amene wasenza mtolo womuposa. Dalaivala wake ndinali ine, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi.

Kaliyalayo sinkayenda yopanda kanthu. Kwathu kumapiri a Neno wodwala sapita kuchipatala chimanjamanja. Womudikirira amatenga ufa, nkhuni, mapoto ndi mphasa, ndipo aliyense amene ali ndi m'bale ku Mwanza amabwera ndi thumba la mbatatesi kuti mukamuperekere. Kukana kunali ngati kutukwana, ndipo ine kukana sindinkadziwa. Ndinakula wosayankhulayankhula. Mayi anga anamwalira pa machira anthu akuthamanga nawo kuchipatala, ine ndili khanda, ndipo bambo anapita ku Joni osabwerako. Anandilera ndi agogo, mayi wa mayi anga. Pa anthu ndinazolowera kukhala kumbuyo n'kumangoyang'ana.

Panjira ya ku Mwanza panali malo amodzi amene msewu unkakhota motsetsereka, kumanzere kuli khoma la dothi, kumanja phompho. Dzinja lina galimoto inapendama pamenepo mpaka tayala lakumbuyo linanyamuka. Inaima m'malere kanthawi ngati ikuganiza, kenaka inabwerera yokha. Palibe anavulala, koma amayi amene anali m'katimo anakaifotokoza nkhaniyo kuchitsime, agogo n'kuimva.

"Bokosi lakolo ine sindidzakweramo," anandiuza. "Ukadzaona ndakwera, udziwe kuti ndine mtembo."

Mvula itangoyamba chaka chotsatira, agogo anaterereka pamwala kudambo n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Adokotala athu, bambo wochokera kumpoto amene ankayang'anira chipatalacho, anandiitanira pakhonde.

"Fupa ili pano sitingalithe, n'zofunika ku Mwanza," anatero. "Ululu ndingauletse masiku awiri kapena atatu. Koma panjira asagwedezeke, ndipo iwowo akuti sakwera. Ndiye titani, adalaivala?"

Ngakhale agogo akanavomera, ine mwini malo aja ndinkawaopa.

Mwayi unali wakuti sabata imeneyo kunabwera makaniko wa ku Zalewa kudzakonza chigayo cha mishoni. Anali mkulu wadazi, wanthabwala, ndipo ankatchula aliyense kuti achimwene, ngakhale abusa. Ndinamupempha kuti aione galimotoyo. Analowa pansi chagada, n'kundiitana.

"Achimwene, talowani muone mwana wanu."

Anandisonyeza kachitsulo kopingasa kumbuyo, pafupi ndi matayala, kopindika nsonga zonse ziwiri.

"Iyi ndi sitabulaiza. Galimoto ikamapendamira uku, iyo imaikokera uko. Koma iyi anaipangira galimoto ya denga lalifupi, inu mwaimangira nyumba yosanja. Mukumanga ng'ombe ndi ulusi wosokera. Pamafunika yonenepa, kawiri kuposa iyi."

"Ingapezeke kuti?"

"Ku Blantyre. Mukaitanitsa lero, ifika chimanga chitamasula."

Ndili chigonere pansi pamenepo, ndinazindikira kuti chitsulo cha maonekedwe amenewo ndinkachidziwa. Pabwalo la pafupi ndi msika panali mkuyu, ndipo panthambi yake pankalendewera chitsulo chachitali, chopindika nsonga zonse ziwiri, chokhala ndi mabowo. Anthu anachichotsa kalekale ku galimoto ya okonza msewu imene inafera kumtsinje. Ndinali nditachiyang'ana zaka zambiri pamisonkhano, ena akuwomba m'manja.

Vuto linali lakuti chitsulocho chinali cha chipani. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo chitsulo chikalira, wolima ankasiya khasu, wophika ankaphula mphika wosapsa. Palibe ankachikhudza kupatula atcheya a nthambi yathu. Mwana akachigenda ndi mwala, makolo ake ankakayankha mlandu.

Masana ndinapita kukakhala pansi pa mkuyuwo ngati wousa. Pabwalo patapanda anthu ndinaimirira n'kuchiyesa ndi chingwe cha khonje, utali ndi kunenepa kwake, ndikumanga mfundo. Makaniko atayika chingwecho pansi pa galimoto anaimba likhweru.

"Ndi chomwechi. Mwachiona kuti?"

Nditamuuza, nthabwala zinamuthera. "Achimwene, ine ndili ndi ana asanu," anatero.

Komabe anandiperekeza kwa atcheya. Atcheyawo anali mlimi wa manachesi, munthu wosaopsa konse, koma wamantha kuposa tonsefe, chifukwa anthu akachepa pamsonkhano wofunsidwa anali iwo. Tinawapeza akusadzulira mitengo yawo. Ndinagwada, ndinafotokoza za agogo, za phompho ndi za chitsulo. Sindikumbuka kuti ndinayankhulapo mawu ochuluka chotero kwa munthu wina aliyense.

Anakhala pansi, n'kuvula chipewa.

"Mwana wanga, agogo ako ndi amene anandigwira m'manja tsiku limene ndinabadwa. Koma Loweruka kuli msonkhano, kukubwera akuluakulu ochokera kuboma. Ndiitana anthu ndi chiyani? Ndi mluzu?"

"Tikupatsani limu ya tayala, atcheya," anatero makaniko. "Imalira bwino zedi."

"Limu ndi ya kusukulu. Ndikaimba limu kubwera ana ndi masileti, makolo awo n'kumati timayesa ndi belu la aphunzitsi. Anthu ano mukuwadziwa inu? Amangofuna pothawira."

Kenaka ndinati, "Nanga titapachikapo chaching'ono chija, chimene tichotse ku galimoto? Maonekedwe ndi amodzi. Wochokera kuboma sangasiyanitse."

Atcheya anandiyang'ana. "Chimalira?"

Tinakachimasula, tinabwera nacho, makaniko n'kuchikoleka pa chingwe. Atcheya anachimenya ndi sipanala. Chinalira mawu aang'ono, akuthwa, koma opita patali.

"Aa," anatero makaniko, "chikulira ngati katambala kosakhwi..."

Anadziluma lilime. Tambala chinali chizindikiro cha chipani, ndipo nthabwala yotero inkatha kumugoneka munthu kumene sanakonzekere. Ine ndinayang'ana pansi. Atcheya anayang'ana mitengo yawo ya manachesi ngati akuiona koyamba.

"Makutu angawa akalamba," anatero pamapeto. "Tamverani. Chitsulocho simunatenge inu. Chipani ndi chimene chapereka kuchipatala, pothandiza chitukuko. Ndikanena choncho Loweruka, ndipo mukawombe m'manja kwambiri. Komanso ndili ndi matumba awiri a mbatatesi opita kwa mwana wanga ku Mwanza."

Anakwera okha pa mpando kukamasula chitsulo cha pa mkuyu chija, dzuwa lisanalowe, kuti aliyense aone kuti si kuba.

Ntchito yomangirira inatenga tsiku lonse lotsatira. Chitsulo chatsopanocho sichinkalowa m'zogwirira zakale, choncho makaniko anaziwotcha pa makala n'kuzifutukula ndi hamala. Malabala oyika pakati anawadula ku tayala lakutha, ndi mpeni wonola pamwala. Kawiri konse tinamanga n'kumasulanso chifukwa nsonga imodzi inkakhudza sipuling'i. Dzuwa litapendeka tinapita pabwalo la mpira la kusukulu, ndipo anandiuza kuti ndizungulire mothamanga. Ndinakhota ndikudikira kutsamira kuja, thupi langa litapendekera kale kumbali monga ndinazolowera. Galimoto inangokhala chilili. Amene anapendama ndinali ine ndekha.

"Mwaona?" anatero makaniko. "Koma chitsulo si mankhwala a uchitsiru, achimwene. Mukasanjikanso mudzi wonse padengapo, musadzanditchule."

Otsala anali agogo. Ndinawapeza atagona chagada, nkhope itachita mbuu.

"Ndamva kuti waba belu la chipani," anatero.

"Apereka okha, agogo."

"Apereka okha! Iwe ukufuna undisiye ndi yani?" Anapuma movutikira. "Andinyamule pa machira. Anthu alipo."

"Machira ananditengera mayi," ndinatero. "Inu sanditengera."

Nkhani imeneyo tinali tisanaikambepo m'nyumba mwathu chibadwire changa. Agogo anatembenuzira nkhope kukhoma. Kenaka anati, "Ndiye uyendetse ngati wasenza mtsuko wodzaza."

M'mawa anthu anafika monga mwa masiku onse, wina ndi mtolo wa nkhuni, wina ndi dengu, wina ndi nkhuku yomanga miyendo. Mnyamata wina anali atakwera kale padenga kuti azilandira. Ndinamuuza kuti atsike.

"Lero pamwamba sipakwera kanthu," ndinatero.

Anthu anayang'anana. Mayi wina anati, "Kodi ayamba liti kuyankhula awa?" Ena anaseka, koma akatundu anatsika. Ndinalola ufa ndi mapoto a azakhali anga, mwana wina wa agogo, amene ankakawadikirira, basi. Matumba awiri a atcheya sindikanawakana, choncho ndinawagoneka pansi m'kati, lina uku lina uko, matiresi a agogo ali pakati. Anawagwira bwino kuposa malamba.

Tinanyamuka kukuwaza kamvula. Ndinkayenda ndi giya yaing'ono, khutu lili kumbuyo. Agogo ankabuula pa mabampu, koma pokhota ankakhala chete. Tinayandikira malo aja. Msewu unali woterera, madzi ofiira akutsikira kuphompho. Ndinachepetsa liwiro mpaka munthu woyenda pansi akanatipitirira, n'kupinda chiwongolero pang'onopang'ono. Pansi ndinamva chitsulo chija chikung'ung'udza kamodzi, ngati munthu amene akunyamula katundu wolemera. Matayala onse anayi anakhala pansi. Khoma la dothi linadutsa, msewu n'kuwongoka.

Sindinauze aliyense. Ndinangopitiriza kuyendetsa.

Titatsika kuchigwa, agogo anandiitana.

"Iwe, ukamafika pamalo paja undiuze, nditseke maso."

"Tadutsapo kale, agogo."

"Usandinamize."

"Zoona, mayi," anatero azakhali. "Taonani, mitengo ya kuno ndi ina."

Kenaka ndinamva agogo akuseka pang'ono, kuseka kosamala kwa munthu amene chiuno chikumupweteka.

"Ndiye bwanji ukuyenda ngati kamba? Fulumira, ndikamve zimene akanene a ku Mwanza."

Anakhala kumeneko miyezi iwiri, ndipo anabwerera pa galimoto yomweyo, atakhala kutsogolo, ndodo ili pamiyendo. Titafika pamsika kachitsulo kaja kanali kakulira pa mkuyu, anthu akusiya makasu. Ndinafunsa ngati ndiwatsitse kaye kunyumba.

"Ima pabwalo pomwepo," anatero. "Atcheya aone kuti ndikuyenda."