Tenti ya Maambulera ya Enesi

Enesi ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, ndiye ndili ndi ufulu womunena mmene ndifunira, palibe khoti lingandigwire. Anabadwira mu komboni ya mgodi ku Gadzema, kuno ku dziko la anthu a Chishona, ine ndili kale ndi tindevu. Bambo ake anachoka ku Ntcheu wapansi, ndipo chuma chimene anamusiyira ndi miyendo yomweyo. Ine ndine Chalo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, kenako mgodi unandimeza zaka makumi atatu n'kundilavula ndili ndi chifuwa ndi ndodo. Mukaona chilembo chapendama mudziwe kuti ndi dzanja la fosholo.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri Enesi anagwira ntchito pa fakitale ya nsalu ku Kadoma. Sankaluka ayi. Ntchito yake inali yopeza zolakwa za anzake. Nsalu inkayenda pa tebulo lowala, iye ali chilili ndi choko m'manja, akaona ulusi wadumpha n'kulemba mtanda. Ntchito imeneyi inamuwononga. Mpaka lero ukamupatsa moni amayamba wayang'ana kolala ya shati lako, kenako n'kuyankha.

Fakitale itayamba kuchotsa anthu, iye anali m'gulu loyamba. Mwamuna anali atamwalira, mwana wake wamkazi ali ku Joni osamveka, ndipo m'nyumba munali adzukulu awiri aakazi odziwa kudya. Anasamukira ku Chegutu, mzere umodzi ndi ine ku lokeshoni ya Pfupajena. Pofika 2007 m'masitolo munatsala mashelefu ndi ogulitsa okha. Mari ya m'mawa, ndalama yathu ija, pofika madzulo inali pepala. Koma kumapulazi a azungu amene boma linagawira anthu kuja kunali anthu ena okhala ndi chimanga, zovala zili zigamba. Enesi anamasula makina ake osokera, opukusa ndi dzanja aja, n'kuwaika m'chikwama cha kumsana, nayamba kuyenda pulazi ndi pulazi. Ankasoka, iwo n'kumupatsa chimanga. Makina amenewo amalemera ngati mwana wa zaka zitatu, kungoti mwana amagwirako khosi yekha.

Kogona sikunali vuto, amene wamusokera ankamuyalira mphasa. Vuto linali pakati. Kuchoka pakhomo lina kufika pa lina unkayenda maola awiri, mitengo itatha ndi nkhuni, kwatsala minga ndi maenje a okumba golide. Chilimwe chonse anayenda bwino. Tsopano mvula inali pafupi.

Mu Novembala ndi pamene anapeza ntchito yaikulu. Kupitirira Gadzema kunali gulu la Mapositori lolima m'mbali mwa damu. Mkazi wa mtsogoleri wawo, Madzimai Roselyn, anamupatsa mpukutu wa nsalu yoyera yochokera ku Francistown kuti asoke mikanjo khumi ndi inayi ya msonkhano wawo wa kumapeto kwa Disembala. Malipiro ake chimanga chofika nacho mu Epulo. Inu mukuwadziwa Mapositori, choyera chawo chimakhala choyera. Mkanjo wa banga savala. Ndipo nsalu ina yoti n'kugula kunalibe dziko lonse. Ikawonongeka imeneyo, adzukulu agona ndi njala, ndipo dzina la Enesi lafa mapulazi onse.

Anasokera kunyumba, koma pokapereka anayenera kunyamulanso makina, chifukwa amayi akayesa chovala sipalephera wina wonena kuti chamuthina. Ndiye anabwera kwa ine.

“A Chalo, ndikufuna pobisala mvula ikandipeza panjira.”

“Ukwatiwe ndi ine, nyumba ilipo.”

“Nyumba yanu yodontha ija? Ndikunena chonyamula.”

Ndinamutulutsira lona wanga wa ku mgodi, wolimba, woti mbuzi itha kuvinapo. Anaukweza ndi dzanja limodzi n'kuuponya pansi.

“Uwu mudzafunde pa maliro anu. Ine sindikukamanga mudzi. Chinthu ndidzachinyamula masiku makumi asanu, kuchitambasula mwina katatu. Chisalemere kuposa buledi.”

Ndinamuuza kuti kulemera kwa buledi ndinaiwala, papita miyezi isanu ndisanamuone.

Anayesa pulasitiki yakuda ija yofolera. Anaikokera pa mpanda wa minga kamodzi, inang'ambika ngati nyuzipepala. Anayesa masaka a feteleza, ndipo apa ndi pamene ndinaona nzeru za ku fakitale. Anaika saka pakamwa n'kuuzira, dzanja lili kuseri. Mpweya unadutsa.

“Podutsa mpweya madzi adutsanso,” anatero.

Ambulera anaikana kale, chifukwa mphepo ya kumapulazi imaitembenuza, ndiponso imafunda mutu wokha, makina ali pamvula. Koma tsiku lina ndinamupeza atapsompsona ambulera yanga yothyoka, masaya atatupa ngati woimba lipenga la Salivesheni. Mpweya sunadutse. Anandiyang'ana, ine n'kudziwa kuti ambulera yanga yapita.

Pa lokeshoni palibe nyumba yopanda ambulera yakufa. Timaisunga kuseri kwa wadiropu, akuti tidzakonza. Enesi anayenda khomo ndi khomo ku Pfupajena, anakweranso lole mpaka ku Rimuka kwa anzake akale a ku fakitale, nabwera nazo zisanu ndi zinayi. Zakuda, zamaluwa, ina yolembedwa dzina la mowa, mayi wa Mvano ameneyu. Anachotsa mawaya, anamasula nsalu zija m'zidutswa zosongoka, n'kuzilumikiza mutu ndi mchira mpaka zinakhala chinsalu chimodzi cha mapazi asanu ndi awiri. M'makona anasokerera zingwe. Mitengo anati sanyamula, adzadula komweko. Tenti itapindidwa inalowa m'kathumba ka shuga, ndipo pa sikelo ya mayi wa tomato siinafike theka la kilo.

Kusoka kwake ndiye musanene. Msoko uliwonse mizere iwiri, timasitichi ting'onoting'ono ngati mazira a nsabwe. Anthu ankabwera kudzaona.

Tsiku loyesa anaimanga pabwalo, nandilowetsa mkati ngati mkamwini watsopano, iye n'kukwera pa mpando ndi ndowa. Atathira, madzi anatsika pa dazi langa m'mizere yowongoka bwino.

“Wasoka mopitirira, asuweni,” ndinatero. “Paliponse pamene singano inalowa yasiya khomo. Waulesi akanakhala ndi makomo ochepa.”

Sanandiyankhule tsiku lonse. Ukamuuza Enesi kuti sadza yake, nsima ija, ili ndi mibulu amaseka, koma za msoko ayi.

M'mawa mwake anati mabowo afunika kutseka ndi phula. Kandulo nthawi imeneyo inali ya mwana wolemba mayeso basi, magetsi atathawa. Koma chilipo chimodzi chimene mayi wa pa lokeshoni sasowa ngakhale njala ifike pakhosi: polishi wofiira wa pakhonde. Mphika ukhale wozizira, khonde liwale. Enesi anapaka polishi m'misoko yonse kunja kwake, nayanika. Ndinalowanso, anathiranso ndowa, ndinatuluka wouma. Ndinavomereza ndi pakamwa panga kuti nzeru imeneyi ndi yabwino. Ndikulemba pano kuti asadzanene kuti ndinabisa.

Tsiku la ulendo ndinamuperekeza. Ndinati ndikukaona manda a anzanga ku Gadzema, koma zoona zake ndinkafuna kudya kwa anthu a chimanga. Lole inatisiya pa Gadzema, n'kuyamba wapansi. Iye makina kumsana, ine mtolo wa mikanjo, wokulungidwa mu shiti ndi thumba la pulasitiki pamwamba. Dzuwa la tsiku limenelo linali lophika munthu. Podutsa pa waya wa pulazi lina ndinawerama ngati mnyamata, msana unakana, ndipo waya waminga unagwira pulasitiki ija n'kuitsegula kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Enesi anayang'ana thumba, anayang'ana ine, kenako anayang'ana kumwamba. Kumpoto kunali kutada.

“Yendani, a Chalo.”

Mvula inatipeza cha m'ma thuu koloko, pa chigwa chopanda ngakhale chulu. Mphepo inayamba, yozizira, yonunkha dothi. Enesi sanathamange. Anatsitsa makina, anandilanda ndodo, anathyola nthambi ina, zingwe anamanga ku zitsa ndi ku mwala. Mbali ya kumphepo anaitsitsa mpaka pansi n'kuipsinja ndi miyala. Madontho oyamba akugwa, nyumba inali itaima, ya maluwa ndi mowa. Analowetsa makina, mtolo, iye mwini. Ine munalowa mutu ndi mapewa, zotsalazo ndinapereka kwa Mulungu.

Mvula inagwa ngati yatumidwa. Tenti inagwedezeka koma inagwira. Ndinayamba kumutamanda, ndipo ndili pakati pa mawu dontho linagwa pa dzanja langa. Lofiira.

Ndinayesa ndavulala. Enesi anagwira denga ndi chala, chala chinabwera chofiira. Dzuwa lija linali litasungunula polishi m'chikwama, polishi n'kulowa m'mabowo a singano kufika mkati. Tsopano msoko uliwonse unali kulira timadontho tofiira, pang'onopang'ono, ndipo pansi pake pali mikanjo ya Mapositori mu shiti imodzi yokha.

Kutulutsa mtolo panja, matope ndi mvula. Kuusiya pamenepo, polishi. Enesi anaukokera pa maondo ake, nagwada, nawerama pamwamba pake ngati nkhuku pa mazira, msana kudenga, zigongono pansi.

“Vulani jekete mutchinge mbali iyi.”

“Ndili ndi chifuwa, mayi.”

“Chifuwa munali nacho pong'amba thumba. Vulani.”

Ndinavula. Tinakhala choncho, iye chowerama, ine manja m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi. Madontho ankagwa pa duku lake, pakhosi, pa msana wa diresi. Ndinkamva akupuma movutika, chifukwa mayi wa zaka makumi asanu ndi zinayi amene wanyamula chitsulo kuyambira m'mawa sawerama ola lathunthu mwaulere.

“Tisinthane,” ndinatero.

“Msana wanu ndi waung'ono. Ndiponso mumayenda ngati muli ndi nsikidzi.”

“Amalume akanakuona akanati chiyani?”

“Akanati ndinasankha mwamuna wolakwika wondiperekeza. Kwezani dzanja, jekete likugwa.”

Itakata mvula sanadzuke msanga. Ndinachita kugwetsa tenti cha kumbali, kenako kumukoka mkono pang'onopang'ono, mawondo akulira ngati chitseko. Mtolo anakana kuugwira ndi manja ake ofiirawo. Anandisambitsa manja anga pa chithaphwi, nawayang'ana mkati ndi kunja, kenako n'kulola kuti ndinyamule.

Tinafika pa damu dzuwa litapendeka. Amayi a Chipositori anatuluka, naona Enesi ali mizere yofiira kuyambira kumutu mpaka m'chiuno, kenako naona ine ndi ndodo m'manja. Mmodzi anamufunsa m'Chishona kuti wamumenya ndani, maso ali pa ine. Enesi, m'malo mondipulumutsa, anangopukusa mutu ngati mayi wopirira. Ndinachita kutambasula tenti ija kuti aone okha, apo ayi bwenzi ndikulemba izi ndili wopanda mano otsalawa.

Madzimai Roselyn anayala mphasa yatsopano, namasula mtolo. Shiti inali ndi mabanga awiri pakona. Anatulutsa mikanjo umodzi umodzi, kuukweza kudzuwa, kuutembenuza. Atafika wa khumi ndi chinayi anaomba m'manja nati zonse zili bwino, aitane anyamata a ngolo adzakweze chimanga.

“Dikirani, Madzimai,” anatero Enesi, manja ali kumbuyo. “Wachitatu uja. Tembenuzani mpendero, kumanzere.”

Panali kadontho ngati kambewu ka mawere, mkati mwa mpendero, poti ngakhale mngelo sakanasuzumira. Ine ndinamuponda phazi. Chimanga chili pakhomo, munthu n'kumadziulula yekha. Madzimai anayang'ana kadontho kaja nthawi yaitali, nkhope itasintha, ndipo ndinaona Epulo akutalikira.

Enesi anapempha sopo ndi beseni. Anasamba manja katatu, anabwereka chitenje n'kudzikulunga kuti diresi lake lisakhudze kanthu, natulutsa makina. Anali ouma, anapukusika ngati ali m'nyumba. Anadula mpendero wonse kuzungulira, mulifupi mwa chala chimodzi, napinda wina, nasoka. Kenako anafunsa kuti wamfupi pa gulupo ndani. Amayi aja anakankhira kutsogolo kamayi kena kamanyazi, kanavala, mkanjo unagwa pa akakolo ndendende.

Madzimai Roselyn anaimirira. Analowa m'nyumba, natuluka ndi chibulumwa cha phula la njuchi za m'ming'oma yawo, choyera, nachiika pamwamba pa makina. Anati tenti ija aichape ndi madzi otentha, apake limeneli.

M'mawa mwake ngolo ya ng'ombe inatifikitsa pamsewu ndi matumba athu, lole n'kutitula ku Chegutu masana, anthu onse ali panja. Diresi lina losinthira analibe, ndiye Enesi analowa mu Pfupajena ali chofiira chomwecho, makina kumsana, kutsogolo kwa wilibala ya chimanga. Adzukulu ake anamuona ali patali, anathamanga, wamng'onoyo n'kukumbatira thumba m'malo mwa agogo ake. Ine ndinali pambuyo, ndipo aliyense wofunsa kuti mayiyu watani ndinkamuuza kuti ameneyu ndi mwana wa amalume anga enieni, magazi amodzi ndi ine.