Ndinadzala Chimanga Chokazinga

Izi amuna anga sakuzidziwa mpaka lero. Apongozi anandisungitsa mbewu ya chimanga chamakolo, chofiira, chimene agogo awo anabwera nacho kuchokera ku Mozambiki. Ankati sichiopa ng'amba kapena anankafumbwe. Ine ndinachiika m'chitini, pafupi ndi chitini cha chimanga chakudya.

Tsiku lina ndinaweruka mochedwa kothyola tiyi, ndinapeza Tadala wanga akulira njala. Ndinakhuthula chitini osayang'ana, n'kukazinga, n'kuthira mchere. Mwana atatafuna theka m'pamene ndinaona kufiira kuja.

Kuulula kunandikanika. Mvula itagwa ndinadzala chotsalacho, chokazingakazinga, zitatuzitatu paphando, n'kuthira ndi manyowa omwe. Ndinkapalira mizere yopanda kanthu, mwana kumsana, n'kumathamangitsa nkhuku.

Cha anzanga chinamera, changa zii.

"Nyengo yasinthadi, amake Tadala," anatero apongozi. "Mpaka chamakolo kukana!"

"Yasinthadi, amayi," ndinayankha, n'kupukusa mutu mwachisoni.

Apongozi anakanena ku kalabu ya alimi ku Goliati, azimayi n'kubwera kudzaona ngati pamaliro. Wina anati nthaka yatopa, wina anati ndidzale mitengo. Ndinavomera zonse, ndipo mitengoyo ndinadzaladi. Ikukula bwino.

Anthu atapita, apongozi anafukula phando limodzi, n'kupukuta njere pachitenje, n'kuponya m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono akundiyang'ana. Ine maso pa nkhuku.

"Chimanga china chamakolo ndinapachika kudenga," anatero. "Ndikupatsani. Koma chimenecho musadzathire mchere."