Sowo Inachoka Panjanji, Inapita ndi Dzanja Lodyera

Inu owerenga, dzanja langa lamanja latsala ndi chala chachikulu chokha. Chimene chinandipweteketsa ndi manyazi, ndinalephera kukana chinthu chimene ndinkadziwa bwinobwino kuti n'choopsa.

Ndine kalipentala, ndinakwatira ku Nkhudzi ndipo ndimakhala kuchikamwini. Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, pobwera ku Joni anabweretsa sowo yamagetsi yoyenda panjanji. Njanjiyo ndi chitsulo chachitali chimene umachigoneka pathabwa, sowo n'kumatsetsereka pamwamba pake mowongoka. Kunsi kwa sowoyo kuli kachitsulo kamene kamakola m'mphepete mwa njanji kuti isadumphe. Tinkacheka nayo matabwa okhomera maboti. Sowo inali yawo, manja anali anga.

Vuto linali utuchi ndi mchenga. Zikadzaza m'njanji sowo inkalimba kuyenda, ndiye ndinkaima kaye kuti ndipukute. Alamu zimenezi zinkawanyansa kwabasi. Tsiku lina mwini boti ali chiimire kudikirira matabwa ake, iwo anamasula kachitsulo kaja n'kukaponya m'thumba la malaya. Anati ku Joni amuna enieni amacheka popanda tizidole totere. Mtima wanga unakana, Mulungu ndi mboni. Koma mkamwini angatsutse bwanji mwini mbumba pagulu, pa chida choti si chake? Ndinangoti chabwino alamu.

Thabwa lake linali laliwisi, ndipo sowo tinali titaipendeketsa monga matabwa a boti amafunira. Ndinkakankha ndi lamanzere, lamanja ndikupanikiza njanji kuti isasunthe. Itafika pa mfundo inalira mwachilendo, n'kudumpha panjanji kubwerera m'mbuyo. Sindinamve kupweteka msanga ayi. Ndinangoona zala zanga zili muutuchi.

Mukuganiza kuti alamu anathamangira kwa ine? Ayi ndithu. Anatola sowo yawo n'kuitembenuza, kuyang'ana ngati mano ake ali bwinobwino. Amene anandimanga dzanja ndi chitenje n'kundikweza pa njinga yamoto kupita kuchipatala ndi mayi wina wogulitsa usipa. Pamene ndinkatuluka m'chipatala, kachitsulo kaja kanali katabwerera pamalo pake, ndipo mudzi wonse unali utamva kuti ine ndinkacheka maso ali kwa akazi ochapa. Mkazi wanga anamva zoona zake kwa ine, koma anati tisayambanitse abale.

Zonsezi ndinapirira. Chimene chinandithyola mtima chinachitika pa sadaka ya malemu apongozi anga. Amuna tinakhala pamphasa kuzungulira mbale yaikulu ya mpunga ndi nyama ya mbuzi. Kwathu kuno lamanja ndi lodyera, lamanzere ndi lodzitsukira kuchimbudzi. Ine ndinasamba bwinobwino ndi sopo, n'kutambasula lamanzere, lokhalo lathunthu limene ndili nalo. Alamu anakokera mbale kwa iwo.

"Dzanja lotawasira limenelo lilowe m'mbale ya anthu? Apatseni yawo akadyere uko."

Ena anaseka, ena anawerama. A shehe anayankhula kuti munthu wovulala saletsedwa, koma mbale inali itachoka kale, ndipo palibe anaibweza. Ndinakakhala kuseri kwa nyumba pamene anayanika chikumba cha mbuzi ija, kambale kanga pamiyendo. Ine bambo wa ana, ndinalira ngati mwana, mpunga osaukhudza n'komwe.

Inu owerenga, makamaka amisiri anzanga, kachitsulo kogwirizira sowo kunjanji musakachotse, olo bwana akalipe chotani. Njanji ikadzaza utuchi imani, zimitsani, pukutani. Amene akukufulumizitsani, kaya ndi mpongozi kaya ndi mlamu, mpatseni sowoyo acheke yekha. Ine ndinaopa kuchita manyazi tsiku limodzi, pano ndimachita manyazi nthawi iliyonse yachakudya.

Alamu akuchekabe matabwa, analemba mmisiri wina. Kachitsulo kaja amakamanga okha m'mawa uliwonse, ndi zala zawo zonse zisanu.