Moni Amene Sindinapereke pa Chiweta

Apongozi anga aamuna salankhula nane. Nkhaniyi a kutchalitchi kwawo ku Rumphi Boma amaidziwa, koma amadziwa mbali imodzi, yoti mkamwana wawo, Mchewa wa ku Dedza uja, anawanyalanyaza pamsewu pamaso pa akuluampingo anzawo. Mbali inayo ndinene ndekha, poti pakamwa ndili napo.

Ntchito yanga ndi yosamalira masensa oyeza kulemera kwa magalimoto. Mukamadutsa pa Chiweta n'kuona timizere takuda todula msewu chopingasa, pansi pakepo pagona kachitsulo konga ndodo. M'kati mwake muli timiyala timene tikapanikizidwa timatulutsa magetsi. Tayala la thiraki likaponda, magetsiwo amayenda m'waya kukafika m'kabokosi ka m'mbali mwa msewu, kompyuta n'kunena ngati malasha asenzedwa opyola muyeso. Vuto lake magetsiwo ndi ochepetsetsa, ndipo sachedwa kuthawa. Polumikizira waya pakangolowa chinyezi, kapena wina akakhudzapo ndi chala chathukuta, amatayikira pomwepo, manambala n'kuyamba kuyenda okha msewu ulibe galimoto. Ndiye polumikizirapo sitigwira ndi dzanja. Sitiuzira ndi pakamwa ngati tikuchotsa fumbi pafoni, sitipukuta ndi nsonga ya chitenje. Ndi sipiriti basi, ndi kansalu koyera, utavala magulovesi.

Chaka chimenecho mvula inali yambiri, ndipo sensa imodzi inayamba bodza. Minibasi inkaiyeza ngati thiraki ya malasha, thiraki yodzadza n'kuiyeza ngati wilibala. Ndinayambira kubokosi. Nditazula waya, manambala anakhala phee, ndiye bokosilo linalibe mlandu. Nditayeza wayayo ndi mita yoyezera magetsi, ndinaona kuti magetsi akutayikira penapake pansi pa tala. Panalibenso kuchitira mwina, tinatseka mbali imodzi ya msewu, mnzanga n'kuima ndi mbendera kuti magalimoto azidutsa mosinthana, ine n'kuyamba kukumba guluu wakale amene amakwirira sensayo m'tala.

Ndinapeza zomwe ndinkayembekezera, madzi anali atalowa polumikizira. Ndinatsuka ndi sipiriti, kenako n'kuyamba kuumitsa ndi dilaya ya tsitsi yomwe ndinabwereka kusaluni, jenereta ikulira pambali. Musaseke, chida chimenecho chandipulumutsa kambirimbiri. Mpweya wa ku Chiweta nthawi ya dzinja umamata pakhungu, ndiye kuumitsako kunandidyera m'mawa wonse. Mita itavomereza kuti pauma, ndinakweza maso n'kuona mvula ikutsika phiri, yakuda bii. Ndinasakaniza guluu watsopano msangamsanga. Guluu ameneyu ukangosakaniza sadikira munthu, amalimba usanamalize n'komwe kapu ya tiyi.

Ndili chigwadire pa tala, manja onse m'ngalandemo, minibasi inaima pambendera. Ndinamva chitseko chikutseguka, kenako nsapato zopolishidwa bwino zinaima pafupi ndi makoni athu otsekera msewu. Nsapatozo ndinazidziwa ndisanaone nkhope.

Apongozi angawa anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ya mishoni mpaka kupuma, ndipo ndi mkuluwampingo. Ndi munthu woti ngakhale hanki yake imasitidwa. Tsikulo ankapita kumsonkhano wa mpingo limodzi ndi akuluampingo anzawo. Iwo ankangodziwa kuti mkamwana wawo amagwira ntchito ya makompyuta kwa a zamisewu. Ovolosi yanga anali asanaionepo.

"Kasi ndimwe, amkamwana?" anatero m'chiyankhulo cha kwawo.

Mwambo wake ndimaudziwa, palibe amene angandiphunzitse. Mkamwana akaona apongozi amasiya chimene wagwira, kupatuka, kugwada chapatali, kuwomba m'manja n'kupereka moni wonse. Ndakhala ndikuchita zimenezi chikwatiwire, ndipo mosakakamizidwa. Koma ndikanadzuka pamenepo, guluu akanalimba polumikizira pali potsegula, mvula n'kulowamo.

"Monire, adada. Pepani chomene, ndikubwera pompano," ndinayankha osadzutsa mutu.

Mmodzi wa anzawo aja anatsokomola. Nsapato zija zinaimabe pamenepo pang'ono. Kondakitala anayamba kumenya chitseko, mnzanga anakweza mbendera. Pamene ndinkasalaza guluu womaliza madontho anali atayamba kugwa pamsana panga, ndipo nditadzuka minibasi inali itapita.

Lamulungu lotsatira tinaitanidwa kunyumba kwawo titaweruka kutchalitchi. Tinakhala pabalaza, pamene khoma lonse ladzadza zithunzi za ana awo atavala mikanjo ya kuyunivesite. Mwamuna wanga, amene ndi mphunzitsi wa kusekondale, anakhala pampando. Ine ndinakhala pansi chakukhomo. Oyamba kulankhula anali apongozi aakazi, amene anali namwino zaka zawo zonse. Anati adada sanadye bwino sabata yonse, kuti anzawo aja anawafunsa m'minibasimo ngati pabanja pawo pali mwambo. Chigamulo chinali chitakonzedwa kale: ndipepese, ndipo ntchito ya pamsewu ndisiye. Malo analipo kuofesi ya sukulu, otayipa makalata.

Kupepesa sikunandivute. Ndinagwada, ndinawomba m'manja, ndinati ndinalakwa kuwachititsa manyazi. Ndinkanena zochokera pansi pa mtima, chifukwa munthu wamkulu kuima pamsewu anzake akuonerera, mwana osadzuka, n'zowawa ndithu.

"Kugwada umadziwa," anatero apongozi aamuna. Anayankhula Chichewa dala kuti pasakhale mawu ondiphonya. "Ndinakuona ndi maso angawa. Unagwadira msewu."

Ndinatembenukira kwa apongozi aakazi. "Amama, inu mukusoka bala la munthu, adada n'kulowa, mukanasiya singano?"

"Bala ndi munthu, mwana wanga," anayankha mofatsa. "Msewu si munthu."

"Koma otsika phiri lija ndi anthu," ndinatero. "Thiraki yolemera mopyola ikaduka mabuleki pamakona paja, pansi pake imakapeza minibasi. Adada amakwera momwemo."

Mwamuna wanga anandiyang'ana ndi diso loti khala chete. Kenako anayamba kuyang'ana nsapato zake, ndipo sanadzutsenso mutu mpaka nkhani kutha. Chimenecho chinandiwawa kuposa zonse zimene zinanenedwa m'nyumbamo.

Apongozi aamuna anati sanandiitanire kudzawaphunzitsa za mathiraki. Anafunsa funso limodzi, ndisiya kapena ayi. Ndinaganiza za zaka zimene ndinakhala pasukulu ya zamagetsi, mtsikana ndekha m'kalasi, anyamata akundiuza kuti ndikaphike. Ndinaganiza za ofesi ija ya makalata, ine nditavala siketi yayitali, ndikudikira belu.

"Adada, kupepesa ndapepesa, ndipo mukafuna ndipepesanso pamaso pa anzanu aja. Koma mawa m'mawa ndili ku Chiweta."

Iwo anapinda hanki yawo bwinobwino n'kuika m'thumba.

"Ndiye moni wako usungire msewu womwewo. Pakhomo pano usadzapondenso."

Pobwerera mwamuna wanga anandikalipira njira yonse. Ankati ndikanangovomera pakamwa, nkhani ikazizira ndikanapitiriza ntchito mwakachetechete. Ndinamufunsa kuti chabwino n'chiti, kuwanamiza bambo ake kapena kuwauza zoona nditagwada. Mpaka lero Lamulungu lililonse amatenga mwana wathu wamkazi kupita naye kwa agogo ake, ine n'kutsala ndikuchapa maovolosi. Sindinama, zimandipweteka. Ndimawasowa apongozi aakazi, amene anandisamalira ngati mwana wawo nditabereka. Anthu akutchalitchi amabwera kudzandinong'oneza kuti wamkulu sawuzidwa, ingogonja. Ndimawapatsa tiyi, n'kuwaperekeza mpaka pageti.

Chilimwe chathachi ndinawaonanso pa Chiweta pomwepo. Tinali titatsekanso mbali imodzi, koma tsikulo kunalibe chothamangira, ndinkangoyendera ngati guluu wang'ambika ndi dzuwa. Minibasi inaima pambendera, ndipo pampando wakutsogolo, chapawindo, panali suti yawo ija. Manja anga anali opanda kanthu. Ndinavula magulovesi, ndinapatuka m'mbali mwa msewu, ndinagwada pamiyala yotentha n'kuwomba m'manja.

"Monire, adada. Muli uli? Kunyumba amama ali uli?"

Minibasi yonse inatembenukira kwa ine, kupatula iwo. Maso awo anali kutsogolo, ngati akuwerenga nambala ya galimoto ina. Ndinabwereza moniwo mokweza, kuti wina asadzanene kuti sanamve chifukwa cha injini. Mayi wina wakumbuyo, amene ananyamula beseni la usipa, anachita chisoni n'kuyankha yekha kuti, "Yewo, mama."

Ndinakhalabe chigwadire mpaka mnzanga anakweza mbendera. Minibasi inadutsa pang'onopang'ono, matayala ake n'kuponda pa sensa imene ndinakonza tsiku la mvula lija. Nditafika palaputopu ndinapeza yaiyeza bwinobwino, kulemera kwa minibasi yodzadza, apongozi anga ali momwemo. Ndinasasa miyala m'mawondo, ndinatenga magulovesi atsopano m'bokosi, n'kubwerera pa tala kukagwada.