Tikiti Yotchipa ya ku Joni ndi Mwana wa Eni Ake

Nkhani iyi si yopeka, abale anga, ndipo amene akufuna kunena kuti ndikukometsera anene, koma amene anatsekeredwa m'kachipinda ka apolisi m'dziko la eni ndine, ndipo palibe chimene ndinaiwala. Mayina sinditchula, chifukwa mwana wa m'nkhaniyi pano ndi namwali, ali ndi moyo wake, sindikufuna anthu azimuloza chala.

Ine ndine mlimi wa kachewere ndi chimanga kumtunda kuno, kufupi ndi ku Nzama. Mwana wanga woyamba, wamkazi, anatsatira mwamuna wake ku Joni, ndipo chaka chimene ndikunenachi anali woyembekezera, pathupi poyamba. Lolemba lina ndili kumunda mkamwini wanga anaimba foni, ati miyendo ya mwana wanu yatupa, magazi akuthamanga kwambiri, madokotala akuti amuchita opareshoni sabata yomwe ino, ndipo iye akungolira kuti akufuna amayi ake. Inu amene munabereka, mukanatani? Pasipoti ndinali nayo, ndinaikonzeratu pathupi patangodziwika, koma maganizo anga onse anali pa basi, ndipo basi ya ku Joni mukuidziwa, masiku awiri kapena atatu, poonjezera kuchedwa m'malire. Mkamwini anati amayi, kwerani ndege, ndi maola awiri okha.

Ndinafunsitsa mtengo ku maofesi ogulitsa matikiti ku Lilongwe, ndipo atandiuza ndinangoseka, chifukwa ngakhale ndikanakumba kachewere yense tsiku lomwelo sizikanakwana. Ndiye ndinayamba kufunsa aliyense amene anaiwonapo ndege m'kati. Wina anati gulani ya pakati pa sabata, imatsikako. Wina anati kwerani yodzera dziko lina, mukadikire kumeneko tsiku lathunthu. Wina anati musatenge sutikesi, katundu ndiye amakweza mtengo. Koma onse ankathera pa mawu amodzi, akuti zotchipazo zimafuna kugula kudakali mwezi, ndipo ine mweziwo ndikanautenga kuti? Kenaka mayi wina wogulitsa kaunjika, amene tinkakumana pa msika ku Sharpevale, anandipatsa nambala ya bambo wina, ati ameneyu amathandiza anthu osauka kukwera ndege.

Tinakumana pa boma Lachiwiri masana, m'kalesitilanti kena. Anali bambo waulemu kwabasi, wovala jekete, laputopu patebulo, kundigulira fanta ndisanapemphe. Nditamufotokozera za mwana wanga anapukusa mutu mwachisoni, nafunsa komwe mwanayo akukhala ku Joni, ati n'zofunika pa fomu, ine ndinamuwerengera adiresi yonse. Kenaka anati mwachita mwayi mayi, Lachinayi pali malo, ndipo mulipira theka lokha, kupita ndi kubwera, bola muthandizeko banja lina. Ati pali kamtsikana kamene mayi ake akugwira ntchito ku Joni, akukasowa, koma mwana sangakwere ndege yekha, ndiye akufuna mayi wopemphera woti amuperekeze, theka linalo alipira eni mwana. Anatulutsa pepala la Chingerezi lokhala ndi zidindo, lonena kuti ine ndine azakhali a mwanayo. Ndinamufunsa kuti nanga bwanji tikulemba bodza, iye anaseka, ati mayi, m'Malawi muno mkazi wamkulu aliyense ndi azakhali, zimenezi n'zongofewetsa ulendo. Ndinasaina. Sindikubisa ayi, ndinasaina ndi dzanja langali, mtima uli kwa mwana wanga. Potsanzikana anandipatsa kakhadi ka foni ka ku Joni, ati ndikaike m'foni kuti tizilumikizana ndikatsika.

Lachinayi m'mawa ndinafika pa bwalo la ndege ku Lilongwe, ndipo poimika magalimoto ndinapeza mayi wina wa magalasi akuda atagwira kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zinayi. Kanavala diresi latsopano lomwe mizere yopinda inali isanachoke, ndi nsapato zokakulira. Mayiyo anakakankhira kwa ine, ati awa ndiwo azakhali ako, uziwamvera. Kwa ine anati ndikatuluka ku Joni ndikaona bambo wa chipewa chofiira atanyamula pepala la dzina langa, ameneyo ndiye mwamuna wa mayi a mwanayu, ndikamupatse mwana ndi pasipoti yake, basi ntchito yanga yatha. Sanamukumbatire mwanayo, sanamuuze n'komwe kuti uyende bwino. Ndinaziwona zimenezo, koma ndinati mwina ndi mmene alili anthu a m'tauni. Mapepala athu anawayang'ana, anaoneka abwinobwino, tinadutsa.

Ndege ndinali ndisanakwerepo. Itayamba kuthamanga ndinagwira kolona wanga, kamwanako nako kanagwira chitenje changa mwamphamvu, ndipo apa m'pamene tinayamba kuzolowerana. Atatibweretsera chakudya kanamwa juwisi yekha, banzi kanaibisa m'kachikwama. Ndinakafunsa moseka kuti kodi ukusungira amayi ako, kanati ayi, ndikusungira mlongo wanga wamng'ono amene watsala kwa amalume. Ndinati chabwino, koma amayi ako lero asangalala, akuwona patapita nthawi. Kanandiyang'ana, n'kunena motsitsa mawu:

"Amayi anga anamwalira chaka chatha. Ali kumanda, ku Kasinje."

Ndinafunsa za bambo ake, kanati sikawadziwa. Ndinafunsa kuti nanga akukuchingamira ndani, kanati sikakudziwa, amalume angoti kakupita ku sukulu yabwino, ndipo mayi wa magalasi uja wakauza kuti munthu akafunsa kaziti amayi ali ku Joni, kakanena zina apolisi akamanga. Kenaka kanayamba kulira, kupempha kuti ndisakaneneze.

Munayamba mwafunapo kutsika pamalo poti simungatsike? Mu minibasi umamenya chitseko, umati kondakitala ndisiyeni pompano. Ine ndinayang'ana pawindo, mitambo yokhayokha pansi pathu, lamba ali m'chiuno, ndipo ndegeyo ikungotitengera kwa munthu amene akudikira mwana wamasiye ngati katundu. Ndinayamba kuyang'ana anthu okhala pafupi, bambo wowerenga nyuzipepala, mayi wogona, aliyense ankaoneka ngati watumidwa kudzandilonda. Ndipo ndinene zoona, popeza ndalonjeza kusabisa kanthu, maganizo oipa anandibwerera. Anati iwe, mwanayu si wako, wako ali m'chipatala, ukangomupereka n'kutembenuka adziwe ndani? Ndinalimbana nawo maganizo amenewo mpaka matayala anagunda pansi, kamwanako katagona pa mkono wanga, kukamwa kuli yasa.

Titatsika, tikuyenda m'kanjira kataliko kopita komwe amadinda mapasipoti, ndinayatsa foni. Uthenga unali utafika kale, ati mwafika bwino mayi, musachedwe, akukudikirani. Ndinayankha kuti ndikufuna ndiyambe ndalankhula ndi mayi ake a mwanayu. Sipanathe mphindi, foni inalira. Anali bambo wa jekete uja, koma ulemu uja unali utatheratu.

"Mayi, dzina limene lili pa pepalalo ndi lanu, saini ndi yanu. Mukatsegula pakamwa, womangidwa ndinu, osati ine. Ndipo komwe akukhala mwana wanu uja tikukudziwa, munatiuza nokha."

Ndinaima chilili ndi mantha. Koma n'zodabwitsa, atangotchula mwana wanga mantha aja anasanduka ukali. Ndinaganiza kuti munthu uyu wandiyang'ana, waona mayi wakumudzi wa mapazi ong'aluka, wati ameneyu ndi bulu wonyamulira katundu wanga, ndipo pano akufuna kundiopseza ndi mwana amene ndinabereka ndekha? Ndinamuyankha mokweza, mpaka azungu ena anatembenuka:

"Bambo, kandimangitseni. Koma mwanayu simumuwona, olo chala chake."

Ndinathimitsa foni, n'kumasula chitenje, n'kudzimanga nacho pamodzi ndi mwanayo m'chiuno, kuti wofuna kumulanda akoke tonse awiri.

Pa tebulo lodinda panali mayi wina wonenepa wa yunifolomu. Anayang'ana mapasipoti, anayang'ana pepala lija, anafunsa m'Chingerezi ngati mwanayu ndi wa mchimwene wanga, chidindo chili kale m'mwamba. Ndikanangogwedeza mutu tikanadutsa. Chingerezi changa n'cha Sitandade 8, koma ndinasonkhanitsa chonse chimene ndinali nacho, ndinati ayi, si m'bale wanga, pepalali ndi labodza, mayi ake anafa, kunjako kuli munthu akufuna kumutenga. Mayiyo sanamve bwino, anandikodola kuti ndidutse ndisachedwetse mzere. Ndiye ndinangokhala pansi pomwepo, pa simenti yonyezimirayo, miyendo tambasu, mwana pamiyendo, n'kuyamba kukuwa m'Chichewa kuti sindichoka pano, itanani apolisi. Anthu anatizungulira, ena kujambula ndi mafoni, ine osasamala. Manyazi ndi chiyani pamene mwana akugulitsidwa?

Anatitengera m'kachipinda, n'kupeza bambo wina wa ku Dedza amene ankakolopa pabwalopo kuti azimasulira. Ndinafotokoza zonse, ndi za kusaina komwe. Ndinawapempha kuti asanachite chilichonse aimbire mkamwini wanga, asagonenso m'nyumba ija, ndipo anaimbadi, iye anasamukira kwa mnzake wa ku tchalitchi tsiku lomwelo. Apolisi atatuluka kukafuna wa chipewa chofiira anapeza palibe, kaya anaona kuchedwa, kaya anauzidwa pa foni. Madzulo kunabwera mayi woona za ana kudzatenga kamtsikanako, ndipo pomasula chitenje chija kanakuwa, kanandigwira mwendo, kakuti azakhali musandisiye. Mawu amenewo, azakhali, poyamba anali abodza, koma apo anandilasa mumtima.

Ine ananditsekera masiku awiri, kundifunsa mafunso omwewo mobwerezabwereza, ndipo sindiwada, nanga akanadziwa bwanji kuti sindili m'gulu lomwelo? Chimene chinkandidya n'chakuti Lachisanu mwana wanga analowa ku opareshoni ine ndili pa benchi ya apolisi, mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera pomwe anagona. Ulendo wonsewu ndinaupangira tsiku limenelo, ndipo tsikulo linandidutsa. Ananditulutsa Loweruka, ndipo kuchipatala ndinapeza mwana wanga ali moyo, wofooka, khanda lachimuna lili pambali. Poyamba sanafune kundiyang'ana, ati amayi munasankha mwana wa eni kusiya ine. Ine ndinangomusambitsa ndi kumuphikira phala, ndipo patapita masiku, akuyamwitsa, anadzayamba yekha kufunsa kuti kamtsikana kaja kali kuti.

Pobwerera ndinakwera basi, chifukwa tikiti yobwerera ija kunalibe, bamboyo anagula yopita yokha. Kamtsikanako akuluakulu anakabweza kumudzi patapita miyezi, ndipo anakapereka kwa mayi ake aang'ono pamodzi ndi mlongo wake uja, osati kwa amalume. Mukuganiza kuti anthu onse anandiyamika? Amalume akewo anandipeza pa msika, anthu ali piringupiringu, n'kuyamba kundilalatira kuti ndatsekereza mwayi wa mwana, akanaphunzira kunja, ndine mfiti yansanje. Ndinaika dengu pansi, ndinawafunsa pamaso pa anthu onse kuti atchule dzina la sukuluyo, atchule dzina la munthu amene ankakalandira mwana wa mlongo wawo. Iwo anangozemba. Kaya anapusitsidwa ngati ine, kaya analandirapo kanthu, zimenezo adzayankha okha kwa Mulungu.

Bambo wa jekete uja sanapezeke, nambala yake inasiya kugwira, ndipo mayi wa kaunjika analumbira kuti naye anangoipatsidwa. Kwa miyezi ingapo foni yanga inkalira, ndikayankha kuli zii, munthu akungopuma. Amuna anga anati tisinthe nambala ndipo nkhaniyi ndisamaikambe. Ndinakana zonse ziwiri. Ndinakaikamba ku mphakati, ndinakaikamba ku sikelo ya ana, ndimaikamba m'minibasi kwa aliyense amene ndamumva akufunsa za ulendo wa ku Joni. Ndipo ndege ndinadzakweranso patapita zaka ziwiri, tikiti yogula pa ofesi yooneka ndi maso, kudakali miyezi iwiri, ya pakati pa sabata, kachikwama kamodzi m'manja, ndipo mtengo unatsikadi popanda kunyamula mwana wa munthu.

Chimene ndikukhulupirira tsopano n'chakuti anthu amenewa safuna mbava anzawo, amafuna ife, amayi a kolona m'manja amene tapanikizika, chifukwa nkhope zathu sizikayikitsa ndipo amadziwa kuti tikazindikira tichita mantha n'kukhala chete. Ndiye inu amene mukusakasaka tikiti yotsika mtengo, sakani ndithu, si tchimo kukhala wosauka, koma wina akadzati mtengo utsika mukanyamula kathumba aka kapena mukaperekeza mwana uyu, dzukani pampandopo, fanta yakeyo musiyireni. Ngati mwasaina kale, ngati muli kale m'mwamba ngati mmene ndinalili ine, musati kwatha, funsani mwanayo kuti amayi ake ali kuti, ndipo mukatsika kakuweni. Ndipo inu bambo amene munkaimba n'kumangopuma pa foni, ngati nkhaniyi yakupezani, dziwani kuti sindinasamuke, nambala ndi yomwe ija, ndipo nkhope yanu ndikuikumbuka bwino lomwe.