Msoko Wosapaka Penti

Zaka zonse zimene ndakhala ndikuwotcherera mageti ku Biwi, lamulo langa linali limodzi: chitsulo sichichoka pashedi chisanapalidwe n'kupakidwa penti. Kasitomala amagula ndi maso.

Mwana wanga wamkazi anaphunzira ntchitoyi kwa ine, n'kukaipitiriza kusukulu ya zaluso. Tsiku lina anafika akupumira m'mwamba. Akuti boma la dziko lina likufuna amisiri achinyamata, liwaphunzitse kumanga makina opanga magetsi motengera mmene dzuwa limayakira, pophatikiza tinthu tosaoneka ndi maso. Ine ndinaseka. Kuno babu yeniyeniyi ikutivuta kuyatsa, anzathu akufuna dzuwa lathunthu! Koma mapaipi a makinawo amafuna msoko wowotcherera woti ngakhale mpweya usadutse, choncho wofuna malo anayenera kutumiza zithunzi za paipi yomwe wawotcherera yekha.

Tsiku lotsekera kulandira zithunzi, iye analumikiza paipi yake m'mawa n'kupita kukabwereka foni yojambula bwino. Nditaiona paipiyo ili mbulanda, mtima sunandilole. Mwana wanga akachite manyazi kunja ine ndilipo? Ndinaipala ndi galayinda, n'kuipaka penti wobiriwira wotsala pa geti la abusa ena.

Atabwera anagwira m'mutu.

"Adadi, mwatani? Anthu aja akufuna aone msoko, osati penti!"

"Nanga siyakongola, mwanawe?"

"Yakongola, koma mwafufuta ntchito yanga yonse."

Apo n'kuti magetsi atazima kale. Manyazi anandigwira, ndipo ndinaopa kuti ndamutayitsa mwayi ndi manja angawa. Tinakwera makabaza awiri, zidutswa za paipi pamiyendo, mpaka ku Kawale kwa mmisiri mnzanga, kumene magetsi anali akuyaka. Mnzangayo anandiseka mpaka kutsokomola. Mwana akuwotcherera, ine ndinaima pambali manja kumbuyo, kuopa kukhudzanso kanthu.

Mwanayo atagogoda ndi hamala kuchotsa makoko, msoko unaonekera wondondozana ngati mamba a nsomba. Ndinauyang'anitsitsa. Chiyambireni ntchitoyi sindinatulutsepo wotero, ndipo ndinadziwa chimene penti wanga ankabisa zaka zonsezi. Zithunzi zinapita dzuwa lisanalowe.

Uthenga woti amutenga utafika, ndinavina pashedi magalasi owotcherera ali kumaso, anthu a m'minibasi akuwomba m'manja. Sindinasangalalepo chotero.

Paipi yobiriwira ija ndinaipachika pakhomo la shedi. Makasitomala akafunsa, ndimawauza zoona: iyo ndi ntchito yanga. Ya mwana wanga siifuna penti.