Tsiku limene ndinatsanzira a Zakeyu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mu Sitandade 5 kwathu ku Mkanda, pamene anthu anayamba kunditchula kuti Wailesi. Ndinali kamtsikana kowonda, kolephera masamu, koma munthu akangoyankhula kawiri ine ndili pafupi, mawu ake ndawatola. Ndinkatsanzira amalume akamabwera kuchokera ku Chipata ndi Chinyanja chawo, wansembe wachizungu akamalimbana ndi Chichewa, ngakhale kulira kwa njinga ya ahedi pokwera chitunda.

Aphunzitsi athu, a Mwale, anayamba kumandiimika kutsogolo tsiku lotsekera sukulu, nyimbo zikatha, zotsatira za mayeso zisanawerengedwe. Ndinkaima ndekha pabwalo nkumangoyankhula, makolo nkumafa ndi phwete. Panalibe chondikomera ngati phokoso limenelo.

Masiku amenewo wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika kapena kukwera basi. Moyandikana ndi nyumba yathu munkakhala a Zakeyu, okonza njinga, amene mpingo wawo unkakana kugula makhadiwo. Anali achibwibwi ndipo ankatsimphina mwendo wakumanzere. Mwana wawo Esita tinali kalasi imodzi, ndipo pa buleki tinkagawana chimanga chokazinga.

Sabata yotsekera, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, a Kachingwe, anandiitanitsa mu ofesi ya ahedi. Anandipatsa paketi ya mabisiketi, chinthu chimene ndinkangochiona m'sitolo.

“Wailesi, ndamva kuti umatha,” anatero akumwetulira. “Lachisanu utichitire Zakeyu uja. Utionetse mmene amakanira khadi.”

A Mwale anali pomwepo, maso ali pa rejisitala.

Ine ndinakondwa, ndisaname. Masiku atatu ndinkabisala kuseri kwa mpanda wathu kuwaonerera a Zakeyu akumata machubu. Ndinaphunzira mmene ankatsinzinira mawu akawakanira pakhosi, ndi mmene phewa lawo linkagwera akaponda. Tsiku lina anandiona, nkundiponyera nthochi.

Lachisanu bwalo linadzaza. Kumbuyo kwa makolo kunaima anyamata a chipani ovala malaya ofiira. Nthawi yanga itakwana ndinatulukira ndikutsimphina, ndipo anthu anayamba kuseka ndisanayankhule. Ndinatsinzina nkuti, “Kha-kha-khadi si-sindigula, ine ndine wa U-u-ufumu wakumwamba!” Kenaka ndinawonjezera zanga, kuti akakafika kumwambako adzawafunsa khadi pageti, iwo nkubwerera wapansi mpaka ku Mkanda.

Bwalo linagwedezeka. Amayi ena anagwira nthiti, misozi ili mbwembwembwe. A Kachingwe anaimirira nkumaomba m'manja. Esita, amene anakhala mzere wachiwiri, anadzuka nkuyamba kuchoka, ndipo anthu atamuona anamuloza nkusekanso kwambiri. Ine ndinamuona bwinobwino, koma ndinapitiriza chifukwa ndinali ndi nthabwala ina imene ndinali ndisananene.

Ahedi asanamalize kuwerenga zotsatira, anyamata aja ananyamuka, onse akuyenda motsimphina, akubwereza mawu anga ngati nyimbo. Ife pofika kunyumba tinapeza utsi uli tolotolo. Nkhokwe ya a Zakeyu inkayaka, chimanga chikuthetheka, fungo la mtedza wopserera lili mudzi wonse. Eni ake anali atakhala pansi pakati pa zitsulo za njinga, magazi akutuluka mkamwa, mnyamata wina atawaimirira akuti, “Ta-ta-tanenanso, mdala!” Anthu amene a Zakeyu ankawakonzera njinga anaima chapatali. Ena anali akumwetulirabe.

Amayi anga sanandimenye. Anandigwira mkono mwamphamvu nkundiimika pampanda pomwe ndinkabisala paja.

“Usatsinzine. Unkafuna anthu akuonerere, tsopano onerera iwe.”

“Komatu ine ndimangoseketsa, amayi,” ndinatero ndikulira.

“Ukuganiza kuti a Kachingwe amasowa zibonga? Amafuna mudzi useke kaye kuti pasapezeke woleretsa. Ntchito imeneyo wawagwirira ndiwe.”

Patapita masiku awiri banja la a Zakeyu linanyamuka wapansi, katundu ali pamutu, kuwolokera ku Zambia. Esita anadutsa pakhomo pathu atabereka mng'ono wake, osacheuka. Sindinamuonenso mpaka lero.

Sukulu itatsegulidwa, a Mwale anandiuza kuti a tcheyamani anasangalala kwambiri, akufuna ndikachitenso zomwe zija pamsonkhano wa ku boma. Ndinanama kuti pakhosi pakundiwawa. Pakhosipo panandiwawa mpaka ndinamaliza Sitandade 8.

Lero ndine mayi wachikulire, ndinapuma pa ntchito ya unamwino, ndipo nthabwala ndinaziyambiranso. Amandiitana m'zinkhoswe ndi m'maukwati, amandipatsa maikolofoni, anthu nkuseka. Koma mkwiyo wa tsiku lija sunandichoke. A Kachingwe anamwalira ali mkulu wolemekezeka, ndipo pamaliro awo wina anaimirira nkunena kuti anali munthu wokonda kuseka ndi ana. Ndinachoka mwambo usanathe. A Mwale anakalamba akunena kuti nthawi imeneyo aliyense ankaopa. Nzoona ankaopa, koma iwo anali ndi ndevu, ine ndinali mwana wawo wa sukulu, ndipo anandisiya ndilowe pabwalo akudziwa kumene nkhaniyo inkapita. Ndimakwiyiranso makolo aja amene anaseka m'mawa, masana nkuima manja ali kumbuyo. Ndipo ndimadzikwiyira ndekha, osati chifukwa ndinanyengedwa, koma chifukwa ndinamuona Esita akuchoka ine nkusankha kumaliza nthabwala yanga.

Chimene ndikuchidziwa tsopano nchakuti munthu amene mudzi wonse wamuseka savuta kumumenya, ndipo omenya amazidziwa zimenezi kuposa oseketsa. Nchifukwa chake pamwambo wina akandinong'oneza kuti, “Mutichitireko uje,” ndimayamba ndayang'ana amene akutchulidwayo. Ngati ndi munthu woti sangaimirire nkundibwezera mawu pamaso pa gulu, ndimakana, ngakhale wopemphayo akhale mwini ukwati.